“Bola iyenda” idzatitha: sinthani ma shock a kumbuyo

Mwezi watha tinapita ku maliro kumudzi, njira ya ku Chadiza. Tinali anthu khumi ndi awiri kumbuyo kwa vani ya amalume, pamodzi ndi matumba a unga ndi nkhuni. Titalowa mu mseu wa dothi wokhala ndi mizere ija yonga malata, kumbuyo kwa vani kunayamba kudumpha ngati kamwana ka mbuzi. Pa kona ina kunatsetsereka, motoka inayang'ana kuthengo, ndipo amai ang'ono anamenyetsa msana pa citsulo. Mpaka lero agona cammbali. Titaima ndinasuzumira pansi. Shock ya kumanzere inali yonyowa ndi mafuta osakanizika ndi fumbi, ya kumanja inali kugwedera, labala lake litadyeka kale. Ndinawauza amalume. Yankho lao linali lakuti, “Mphwanga, bola iyenda.”

Mau amenewa ndatopa nao. Ku wailesi kumene ndithandizako, nchito yanga ina ndi kuwerenga mauthenga a maliro, ndipo sindifuna tsiku lina kuwerenga dzina la m'bale wanga cifukwa ca zitsulo ziwiri zimene munthu angasinthe pakhomo pa Ciweru m'mawa.

Muno mu Chipata vani inyamula zonse. Inyamula odwala usiku, kwaya ya ku chalichi, anthu opita ku Nc'wala ku Mtenguleni mu February ndi ku Kulamba ku Mkaika mu August, matumba a nshawa ndi fataleza. Mwini motoka akhala kutsogolo pa mpando wofewa. Okhala pamwamba penipeni pa ma shock akufawo ndife, amai athu ndi ana.

Eni mavani ali ndi zifukwa zao. Tiyeni tizione cimodzicimodzi.

Coyamba amati shock ndi ya mabwana ofuna kuyenda mofewa. Bodza. Katundu anyamulidwa ndi masipuling'i aja osanjikizana. Sipuling'i ikapindika pa bampu ifuna kubwerera, ndipo ikasiyidwa yokha ipitiriza kuvina. Mkati mwa shock muli mafuta amene akankhidwa kupyola m'timabowo ting'onoting'ono, ndipo ndiwo aletsa kuvinako kuti tayala likhale logunda pansi. Tayala lili m'mwamba siligwira buleki, siligwiranso kona. Vani yopanda katundu ndi yopepuka kumbuyo, ndiye ikakumana ndi mizere ya mu mseu wa dothi kapena tara yonyowa ndi mvula yoyamba, kumbuyo kufuna kupitirira kutsogolo.

Caciwiri amati, “Ndinaonjezera masipuling'i, motoka ndi yolimba.” Mwaonjezera mphamvu yonyamula katundu cabe. Kudumpha kuli pomwepo, ndipo popanda katundu kukula.

Cacitatu ndi ndalama, ndipo ici sindicinyoza. Zinthu zadula, tonse tidziwa. Koma shock yakufa nayo idya ndalama mwakacetecete. Idya matayala m'zigambazigamba, ithyola masipuling'i, imasula mabawuti. Mudzalipira ndithu, koma mudzalipira kwa wogulitsa matayala. Ndipo ndalama ya galaji mungaipulumutse, cifukwa pa mavani ambiri a kuno, monga Hilux, Isuzu KB ndi Hardbody, shock ya kumbuyo ikhala payokha, yosakulungidwa ndi sipuling'i. Igwidwa pawiri cabe, pamwamba ndi pansi.

Cacinai ndico cindikwiyitsa kwambiri: kugula shock ya salaula, imodzi, yocotsedwa ku motoka ya ngozi. Malaya a salaula muwaona ndi maso, mkati mwa shock simungaonemo. Ena aipukuta ndi kuipaka penti yakuda, inu n'kumati mwatola. Kampani ya Monroe ilangiza kusintha ma shock pa makilomita pafupifupi 80,000, ndiye ganizirani yakale imene simudziwa kumene inayenda, mukaiika pa miseu ya muno mu Nabvutika nthawi ya dzinja. Ndipo kusintha mbali imodzi cabe kupangitsa motoka kugwira mseu mosiyana kumanja ndi kumanzere. Gulani ziwiri zatsopano, zofanana. Tengani yakale kusitolo muyerekeze utali ndi maso ake.

Manje nchito yake. Madzulo, wazani mafuta omasula dzimbiri pa manati onse anai. M'mawa imikani motoka pamalo osalala ndi olimba. Tsekerani matayala a kutsogolo ndi matabwa kapena miyala, kutsogolo ndi kumbuyo kwake. Izi n'zofunika cifukwa handbrake igwira matayala a kumbuyo, ndipo mukawakweza m'mwamba palibe cimene cigwira motoka. Pa mavani ambiri aatali mungafike pa shock osakweza n'komwe, ndipo ndiyo njira yabwino koposa. Ngati mwakweza, ikani ma stand a citsulo pansi pa chassis, jeke ithandizeko kucirikiza difu. Masulani pansi, kenako pamwamba. Ikani yatsopano ndi malabala ake atsopano, mawashala m'dongosolo limene munawapeza. Mangani pang'ono cabe, tsitsani motoka iime pa matayala ake, ndiye mumange kolimba. Mukamanga ili m'mwamba, labala lipotoka ndi kung'ambika msanga. Shock yakale musaiboole kapena kuiponya pamoto, cifukwa zambiri zili ndi gasi wopanikizika mkati. Pakapita masiku ocepa, pitaninso ndi sipanala muone manati.

Apa ndilankhule ndi inu anyamata anzanga, cifukwa “bola iyenda” ili ndi mng'ono wake, “ndingolowa kamphindi cabe.” Ndaona kangati muno m'komboni munthu atagona pansi pa motoka yoimikidwa pa jeke yokha, kapena pa mabuloko a simenti osanjikiza? Buloko siicenjeza, ingophwanyika. Jeke itsetsereka pa dothi. Vani ilemera kuposa tani imodzi ndi theka, ndipo cifuwa canu sicingailandire. Ngati mulibe ma stand, bwerekani kwa makanika wapafupi. Ngati nati yakana kapena bawuti yathyoka, kupita ku galaji si manyazi.

Wina adzati, “Koma motoka yanga ili ndi fitness ya ku RTSA.” Pepalalo linena za tsiku limene motoka inapimidwa. Kucokera tsikulo mwapita ku Lundazi kangati, mutadzaza matumba mpaka pamwamba? Kugwada ndi kusuzumira pansi kutenga mphindi imodzi. Mukaona mafuta pa shock, labala long'ambika, kapena mukamva kugogoda kumbuyo pa bampu iliyonse, nthawi yakwana.

Amene muikonda nchito ya sipanala, musathere pa kuonerera. Chipata Trades ili pompano, ndipo kuyambira 2022, pamene CDF inakwezedwa kufika pa K25.7 miliyoni pa constituency iliyonse, muli gawo la kulipirira acinyamata maphunziro a luso la manja. Funsani ku komiti ya ward yanu.

Amalume ndinawavutitsa masabata awiri. Cimene cinawagonjetsa ndi azakhali, amene anakana kukweranso vaniyo ndi kuyamba kupita kuchalichi pa njinga ya hayala, anthu onse akuona. Pa Ciweru capita ine ndi msuweni wanga tinasintha ma shock onse awiri pansi pa mtengo wa mango, ndipo tinatsiriza nsima ya masana isanapse. Nanunso musanakwere kumbuyo kwa vani ya munthu, suzumirani pansi. Akakuuzani kuti bola iyenda, tsikani.