Ophunzira akuphunzitsana okha code, nanga mayunivesite ali kuti?

Mu 2014 bungwe la Software Sustainability Institute la ku Britain lidafunsa ochita kafukufuku m'mayunivesite akuluakulu a dzikolo momwe amagwirira ntchito ndi mapulogalamu a pakompyuta. Anthu 92 mwa 100 alionse adati amagwiritsa ntchito mapulogalamu pa kafukufuku wawo, 56 mwa 100 adati amalemba okha mapulogalamuwo, ndipo mwa olembawo, mmodzi mwa asanu alionse sadaphunzitsidwepo ntchitoyi. Kumenekotu ndi ku Britain, kosavuta zipangizo. Kusiyana kumeneku, pakati pa zomwe wofufuza akuyenera kuchita ndi zomwe adamuphunzitsa m'kalasi, ndiko kwabala timagulu ta ophunzira ndi ofufuza tokumana patokha, aliyense ndi laputopu yake, kuphunzitsana mapulogalamu monga R, Python ndi Git. Ine ndikuona kuti timaguluti tili ndi luso lophunzitsa lomwe kalasi ilibe, koma sitingakhalitse ngati mayunivesite apitiriza kukolola pomwe sadalime.

Mchitidwewu udayamba kalekale. Mu 1998 Greg Wilson ndi Brent Gorda adayamba kuphunzitsa asayansi a ku Los Alamos National Laboratory ku America kalembedwe kadongosolo ka mapulogalamu, ndipo maphunzirowo adatchedwa Software Carpentry. Mu 2018 adaphatikizana ndi Data Carpentry n'kukhala The Carpentries, bungwe lomwe aphunzitsi ake ambiri ndi ofufuza odzipereka mwaulere. Gabriela de Queiroz adayambitsa R-Ladies ku San Francisco mu 2012 ataona kuti amayi amachepa m'misonkhano ya ogwiritsa ntchito R. Ku University of Edinburgh, ophunzira za chilengedwe adakhazikitsa Coding Club n'kuika maphunziro awo pa intaneti kuti aliyense awatenge ulere.

Mphamvu ya timaguluti imaonekera bwino munthu akayang'ana zomwe zimachitika m'chipinda chophunzirira cha The Carpentries. Wophunzitsa saonetsa zinthu zokonzeratu. Amalemba code pompo, zilembo zikuonekera pakhoma, anzake akutsatira mzere ndi mzere. Akaiwala kachizindikiro kamodzi, uthenga wofiira umatulukira pamaso pa onse, iye n'kuuwerenga mokweza, n'kupeza pomwe waphonya. Wophunzira aliyense ali ndi timapepala tiwiri tomata tosiyana mtundu: akamata kena pamwamba pa laputopu ndiye kuti zikuyenda, akamata kenako ndiye kuti wakakamira, ndipo wothandiza amamufikira mwakachetechete, osafunika kukweza dzanja pagulu. Kanthu kakang'ono kameneka kamachotsa chomwe chimagwetsa ambiri ulesi, ndiwo manyazi. Wophunzira wa digiri yachiwiri amaopa kuuza womuyang'anira kuti watha masiku awiri kompyuta ikukana kupeza fayilo yomwe iye akuiona ndi maso ake, pomwe mnzake amene adavutika ndi zomwezo miyezi itatu yapitayo amadziwa msanga kuti pulogalamuyo ikuyang'ana mu foda ina. Katswiri amene wagwira ntchitoyi zaka makumi awiri adaiwala kuti pamenepo pamavuta. Wodutsapo posachedwa akukumbukirabe, ndipo kukumbukira kumeneko ndiko kumamupanga kukhala mphunzitsi wabwino wa ongoyamba kumene.

Otsutsa amafunsa funso lomveka: osadziwa akamaphunzitsana, zolakwa sizichulukirachulukira? Poyankha tiyambe taona komwe zolakwa zodziwika bwino zidachokera. Mu 2006 Geoffrey Chang, wofufuza za kapangidwe ka mapuloteni, adabweza mapepala asanu a kafukufuku zitadziwika kuti pulogalamu yolembedwa pa labu idasinthanitsa mizere iwiri ya manambala. Mu 2013 Thomas Herndon, yemwe adali wophunzira pa University of Massachusetts Amherst, adalephera kupeza zotsatira zofanana ndi za pepala lotchuka la mu 2010 la Carmen Reinhart ndi Kenneth Rogoff, lonena kuti chuma chimabwerera m'mbuyo ngongole ya boma ikaposa 90 peresenti ya chuma chonse cha dziko. Atapempha fayilo yawo ya Excel, adapeza kuti masamu ena adasiya kunja mayiko asanu, chikhalirecho andale ena adali atagwiritsa kale ntchito pepalalo poikira kumbuyo zochepetsa ndalama zomwe boma limagwiritsa ntchito. Chang, Reinhart ndi Rogoff onse adali akatswiri, ndipo chomwe chidasowa ndi diso lachiwiri. Gulu la anzako limazoloweretsa munthu kuonetsa ntchito yake isadathe, kuisunga mu Git kuti kusintha kulikonse kuzioneka, ndi kulola wina kuiyendetsa pa kompyuta yake. Wopanda gulu sakhala ndi pulofesa pambali pake. Amakhala yekha usiku, kukopera code yomwe sakuimvetsa.

Komabe pali pomwe otsutsawa akunena zoona, ndipo okonda timaguluti asamapazembe. Mnzako angakuonetse momwe ungauzire R kuti ikuwerengere masamu akutiakuti, koma kudziwa ngati masamuwo akuyenera funso lako ndi deta yako ndi nkhani ina. Kompyuta imatulutsa nambala ngakhale njira yasankhidwa molakwika, ndipo nambala yotuluka popanda uthenga wofiira imakhulupirika msanga. Apa pamafunika munthu wophunzira bwino za masamu a kafukufuku, woti azifikako mwa apo ndi apo ndi kuyang'ana maphunziro omwe gulu lalemba. Gulu lodziona ngati lokwanira palokha lingathe kufalitsa cholakwa chimodzi m'mapepala khumi.

Ena akuti kuyambira pomwe ChatGPT idatuluka mu Novembala 2022, zonsezi zatha ntchito. Ndikukana. Makinawa amalemba code mwachangu, koma wosadziwa kuiwerenga sangaone pomwe yasokoneza, ndipo luso lowerenga ndi kukayikira ndi lomwe limanoledwa anthu akakhala awiriawiri pa laputopu imodzi.

Vuto lenileni lili pa funso la amene akusenza katunduyu. Gulu lotere limayenda chifukwa cha anthu awiri kapena atatu omwe amapempha chipinda, kukonza phunziro, kukumbutsa anzawo pa WhatsApp ndi kutsala pambuyo kuthandiza amene pulogalamu yake yakana kulowa. Maola amenewo akuchotsedwa pa kafukufuku wawo, ndipo sawerengedwa pena paliponse, kaya pokhoza digiri kapena pokwezedwa pantchito. Akamaliza maphunziro n'kupita, gulu nalo limazilala. Komanso kudzipereka mwaulere kumatheka kwa yemwe ali ndi mpata: wophunzira wothamangira geni kuti apeze fizi, kapena mayi wofulumira kukasamalira ana madzulo, sangafikeko ngakhale atafunitsitsa. Kwathu kuno nkhaniyi imakula chifukwa malayisensi a mapulogalamu monga SPSS ndi Stata amagulidwa ndi ndalama zakunja, ndipo kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 mtengo wake udalemera kwambiri. R ndi Python ndi zaulere, moti munthu mmodzi atha kuzitsitsa kamodzi n'kugawira anzake pa flashi osathera bandulo. Ndiye kuti wophunzira wa ku Zomba, ku Bunda kapena ku Mzuzu amene akuphunzitsa anzake R akupulumutsira sukulu yake ndalama zenizeni, iye osalandira kanthu.

Sindikunena kuti yunivesite ilande timaguluti n'kutisandutsa kosi ya mayeso. Pakangobwera magiredi, manyazi aja amabwerera, ndipo palibe angamatenso kapepala kosonyeza kuti wakakamira. Taonani banki mkhonde: ndalama ndi za mamembala ndipo amayendetsa okha, koma imakhalitsa chifukwa ili ndi malamulo olembedwa, buku losungamo zonse ndi maudindo osinthana. Zomwe yunivesite ingachite ndi zotsika mtengo: kupereka chipinda cha magetsi odalirika ndi intaneti pa tsiku lokhazikika, masana osati usiku wokha, kulipira otsogolera kangachepe monga imalipirira othandizira aphunzitsi, kulemba ntchito yawoyo m'makalata owachitira umboni, ndi kusankha mphunzitsi mmodzi wa masamu a kafukufuku woti gulu lizimufunsa. Gulu nalo lisunge maphunziro ake poyera, monga The Carpentries imachitira pa GitHub, ndipo aliyense wotsogolera amene watsala ndi chaka chimodzi ayambe kuphunzitsa limodzi ndi wodzalowa m'malo mwake.