Galu wa mapepala akayamba kutsimphina tisathamangire kumutaya



Masiku ano galu wasanduka katundu wodutsa pa Beitbridge ngati mabulangete ndi mafuta ophikira. Chifukwa chake n'chomveka. Timachoka pakhomo sabata yathunthu, katundu wa ndalama zambiri atatsala m'nyumba ku Zengeza kapena ku St Mary's, ndiye munthu amafuna Boerboel, Rottweiler kapena German Shepherd woti mbala ikangomva mawu ake ibwerere pa geti pomwepo. Koma ambiri akagula ndi pamene amamva zoti agalu achizunguwa ali ndi matenda akumtundu, ndipo tulo timatha. Galu akangodzuka mochedwa, mtima uli phaa, ndalama zija zapita. Ena afika pomugulitsa msangamsanga asanaonekere, ena kukamusiya kutchire cha ku Seke. Ine ndikuti nkhawayi ili ndi maziko, koma tikuiika pamalo polakwika. Malo ake ndi pogula ndi pokweretsa. Galu amene ali kale pakhomo, zambiri za tsogolo lake zili m'mbale yomwe timamudyetsera.

Vuto lalikulu la agalu akuluakuluwa ndi chiuno. Madalaivala mumva msanga, chifukwa chiuno cha galu chili ngati ball joint. Mutu wa fupa la ntchafu ndi wozungulira, ndipo umalowa m'kambale ka m'chiuno. Kamwana kamabadwa zonse zili bwino, koma pokula, kwa agalu ena, mutu uja sukhala mothina m'kambalemo. Umagwedera, mafupa n'kumakhuzana, mapeto ake ndi nyamakazi. Madokotala a ziweto amati hip dysplasia. Zizindikiro zimatha kuoneka galu asanathe chaka: pothamanga amaponya miyendo yakumbuyo yonse pamodzi ngati kalulu, amavutika kudzuka m'mawa, safuna kukwera masitepe, ndipo ntchafu zimaonda pamene chifuwa chikukula. Wina saonetsa kanthu mpaka atakalamba. Zofanana ndi zimenezi zimachitikanso m'zigongono za miyendo yakutsogolo.

Matendawa amayenda m'magazi, inde, koma sayenda ngati mtundu wa ubweya. Makolo amapatsira mwana mpata wodwala, ndipo kakulidwe ndi kunenepa kwake n'kumene kumakulitsa kapena kuchepetsa mpatawo. Ku America kampani ya Purina inatenga agalu 48 a mtundu wa Labrador, n'kuwagawa awiriawiri a bere limodzi. Wina amadya mmene wafunira, m'bale wake amapatsidwa chakudya chomwecho koma chochepa ndi gawo limodzi mwa magawo anayi. Atafika zaka ziwiri, mwa agalu 24 odya momasuka, 16 anapezeka ndi vuto la chiuno, pamene mwa 24 odya mochepa anali 7 okha. Anawatsata mpaka imfa, ndipo zotsatira zomwe zinatuluka mu 2002 zinaonetsa kuti owondawo anakhala ndi moyo pafupifupi zaka ziwiri kuposa abale awo. Magazi amodzimodzi, kusiyana mbale basi.

Tsono taonani zomwe timachita ife. Tikufuna Boerboel wa miyezi isanu aoneke ngati thole, anthu odutsa pamsewu aziima n'kumafunsa kuti munamugula kuti. Timamuthira nsima ndi msuzi wa mafuta, makoko a m'poto, zipatso za nkhuku, ufa wa calcium wogula ku Musina, ndipo mbale siuma tsiku lonse. Galu amene adzapitirire makilogalamu 60 akakula safunika kumuthamangitsa. Mafupa akadali anthete ndiye tikuwasenzetsa katundu wa galu wamkulu, ngati kupakira matani 30 pa lole ya matani 10. Calcium wowonjezera kwa kamwana komwe kakudya kale chakudya cha m'thumba amapotoza mafupa m'malo mowalimbitsa. Mbali inayi, kudyetsa nsima ndi nyama yokhayokha kumasiyanso mafupa ofooka, miyendo n'kupindika, ife n'kumati ndi zakumtundu pomwe ndi zam'khitchini. Muyeso wake ndi wosavuta. Mukasisita m'mbali, nthiti zizimveka m'manja popanda kukanikiza, ndipo mukamuyang'ana chakumwamba m'chiuno muzioneka molowa. Aneba akamanena kuti galu wanu akuoneka wanjala, asiyeni anene.

Palinso tina ting'onoting'ono. Kamwana kasamadumphe kuchoka pa bakkie kapena m'kabini ya thiraki, kanyamuleni. Matailosi oterera omwe timanyadira m'nyumba zathu ndi oipa pa chiuno chomwe chikukula. Unyolo wa tsiku lonse umapha minofu, pamene minofu ya ntchafu ndi imene imagwira chiuno chogwedera. Mukakhala pa ulendo, uzani mwana kapena mnyamata wapakhomo aziyenda naye pang'ono m'mawa ndi madzulo dzuwa litazizira.

Chinanso, si galu aliyense wotsimphina amene ali ndi matenda akumtundu. Kungakhale minga kuphazi, chikhadabo chothyoka, mtsempha wa bondo, matenda a nkhupakupa omwe amafooketsa thupi lonse, kapena ululu wa mafupa womwe umagwira ana a German Shepherd pokula, kusuntha mwendo uwu mawa uwo, kenako n'kutha wokha. Chomwe chimathetsa mkangano ndi X-ray basi, osati maso a mnzanu wa pa Chikwanha amene anawetapo agalu. Ku Harare madokotala a ziweto alipo ambiri, ndipo ku University of Zimbabwe ku Mount Pleasant kuli sukulu yawo. Mtengo wa X-ray sufika pa mtengo womwe munagulira galuyo. Ndipo chonde, Brufen ndi diclofenac za m'chikwama chathu cha paulendo musam'patse galu. Zimabowola m'mimba ndi kuwononga impso. Mankhwala a ululu a agalu alipo akeake.

X-ray ikati chiuno chilidi ndi vuto, si kuti galu watha ntchito. Ambiri amakhala zaka ndi zaka akuyenda, akuuwa, akulondera, bola akhale owonda, agone pofunda nthawi ya June ndi July, ndipo alandire mankhwala ululu ukakula. Opaleshoni iliponso kwa amene zafika poipa. Ndiponso tinene zoona, ntchito ya galu wapakhomo ndi kudzutsa anthu ndi kuopseza. Mbala ili kuseri kwa mpanda siona kuti mwendo wakumanzere ukukoka.

Matenda ena akumtundu ndi osavuta kuposa mmene timaopera. Boerboel ndi Rottweiler ena chikope chimapindikira mkati, nsidze n'kumakanda diso, misozi osaleka. Dokotala amakonza ndi kaopaleshoni kakang'ono. Rhodesian Ridgeback, galu wa konkuno amene malamulo a mtundu wake analembedwa ku Bulawayo mu 1922, ana ake ena amabadwa ndi kamtsempha kobowoka kochokera pakhungu la pakhosi kapena pamsana kulowa mkati. Mukatsina khungu n'kulikweza kamamveka ngati ulusi. Kakapezeka msanga amakachotsa. Choopsa zedi ndi kutupa kwa mimba, komwe kumakonda agalu a chifuwa chakuya ndipo kumayenda m'mabanja. Mimba imadzaza mpweya n'kupotokola, galu amayesa kusanza koma osatuluka kanthu, dovu lili chuchuchu. Pamenepo palibe kudikira kuti kuche, ndi nkhani ya maola ochepa. N'chifukwa chake galu wamkulu ndi bwino kumugawira chakudya kawiri patsiku, osati beseni limodzi lodzaza usiku. Nambala ya dokotala isakhale m'foni yanu yokha inu muli ku Tete, ikhalenso ndi otsala pakhomo.

Tsopano pogula, pamene nkhawa imagwira ntchito. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere: kamwana ka masabata asanu ndi limodzi konenepa, kokongola pa chithunzi cha pa WhatsApp, sikangakuuzeni kanthu za chiuno chake. Zoti muone ndi za make ndi bambo wake. Ku South Africa oweta enieni amalembetsa agalu awo ku KUSA, ndipo a Boerboel ali ndi bungwe lawo la SABBS. Amajambulitsa ziuno za makolo galu atakwanitsa chaka kapena kupitirira, ndipo zotsatira zimalembedwa ndi zilembo kuyambira A mpaka E. A ndi B ndi zabwino, D ndi E ndi zoti musayandikire. Zigongono amazipatsa manambala kuyambira 0 mpaka 3, ndipo 0 ndiye wabwino. Pepala la mayina a makolo ndi agogo palokha silinena za thanzi, limangonena kuti uyu ndi mwana wa uje. Kakhadi ka katemera nakonso si pepala la mtundu, ngakhale ogulitsa ena amakaonetsa ngati ndi lomwelo. Funsani chikalata cha chiuno, ndipo nambala ya microchip yolembedwapo ifanane ndi ya galu amene akukuonetsani. Ngakhale makolo onse ali ndi A, mwana wolumala amatha kutulukabe, koma mpata wake umachepa kwambiri. Wogulitsa akayamba kukwiya ndi mafunso amenewa, kwerani basi yanu.

Madalaivala amene mumatumidwa kunyamula, dziwani kuti galu amafuna chilolezo cha a Veterinary Services cholowera m'dziko, kalata ya dokotala wa boma wa komwe akuchokera, ndi katemera wa chiwewe amene kamwana kamalandira pa miyezi itatu. Ndiye kamwana ka mwezi umodzi kobisidwa kuseri kwa mpando kalibe chilichonse mwa zimenezi. Kakafa ndi kutentha pa mzere wa pa boda, kapena kakatsegula m'mimba patatha masiku atatu, mwini wake adzaloza inu.

Mawu anga olemera ndasungira ife amene tayamba kuswetsa agalu kuti tigulitse. Galu mmodzi wamphongo akuzungulira mayuniti onse a ku Seke, kukwera ana ake omwe ndi zidzukulu zake, chifukwa choti ali ndi mutu waukulu. Make mbuu, mwana mbuu. Pamenepo ndi pamene matenda obisika amakumana n'kutulukira poyera, ndipo ana akewo tikuwatumiza pa Nyamapanda kupita ku Blantyre ndi ku Lilongwe, kwa abale athu amene atikhulupirira chifukwa choti ndife akwawo. Munthu amene akudziwa kuti galu wake ali ndi vuto la chiuno n'kumamukweretsabe kuti abweze ndalama zake, akugulitsa katundu wowola, ndipo ife amalonda tikudziwa dzina la khalidwe limenelo. Galu woteroyo afulidwe kapena atsekedwe, akhale mlonda basi. Ndipo amene mtima wake sungapirire nkhawa zonsezi, agalu athu akumudzi alipo, aja a makutu oima ndi mchira wopindika, opepuka thupi, amene vuto la chiuno silimawavutitsa kawirikawiri. Ku SPCA ku Harare amapezeka ambiri ofuna pokhala, ndipo kuuwa amauwa chimodzimodzi.