Phindu la TSMC ndi lalikulu, koma lakhala pa mwala woterera

Abale anga, mwina dzina loti TSMC simunalimvepo, koma ngati m'thumba mwanu muli iPhone, ubongo wake unapangidwa ndi kampani imeneyi ya ku Hsinchu, m'dziko la Taiwan. Iyo imapanga ma chip, tizipangizo tija timayendetsa foni ndi kompyuta, ndipo imatipanga pa oda ya eni ake monga Apple ndi Nvidia.

M'chaka cha 2024 inagulitsa katundu wa madola pafupifupi 90 biliyoni, phindu lokha n'kuposa madola 35 biliyoni. Kumeneku ndi kuwirikiza pafupifupi katatu chuma chonse chimene Malawi amapanga pa chaka.

Komatu chondigwira mtima ine si kuchuluka kwa ndalamazo ayi. N'chakuti mwezi ndi mwezi kampaniyi imalengeza poyera zomwe yagulitsa. Boma la Taiwan linaikamo pafupifupi theka la mpamba pomwe Morris Chang ankaiyambitsa mu 1987, koma mabuku ake aliyense angathe kuwawerenga. Inu amene munathawa ulamuliro wa chipani chimodzi mukukumbukira kuti kufunsa za ndalama za kampani yokhudzana ndi akuluakulu unali mlandu wokagona nawo ku Mikuyu.

Ndisakunamizeni kuti demokalase ndiyo inabala TSMC. Mapulani ake anakonzedwa Taiwan akadali pansi pa lamulo la asilikali, lomwe linatha chaka chomwecho cha 1987. Chimene anachita bwino n'kukopa ana awo ophunzira omwe anali ku America, n'kuwapatsa ntchito yogwirizana ndi maphunziro awo. Ife tinali pa ubale ndi Taiwan kuyambira 1966, kwa zaka zoposa 40. Tinalandira chipatala chachikulu cha Mzuzu, nzeru iyi tinaisiya.

Nanga kutsogoloku? Ine sindikuomba m'manja msanga. Phinduli lakwera chifukwa cha mpikisano wa makompyuta a AI, ndipo ogula akuluakulu ndi owerengeka. Mlimi wa fodya akudziwa zomwe zimachitika ku okushoni ogula akagwirizana kutsitsa mtengo. Mu 2021 chilala chinachititsa kuti madzi a ku fakitale azibwera pa magalimoto. Komanso China imati Taiwan ndi yake.

N'chifukwa chake kampaniyi inatsegula fakitale ku Kumamoto, Japan, mu 2024, ndipo mu Malichi 2025 inalonjeza kuonjezera madola 100 biliyoni ku America. Kupangira chip ku Arizona n'kodula kuposa ku Taiwan, ndipo akuluakulu ake anavomera okha kuti mafakitale akunjawa adzadya gawo la phindu kwa zaka zingapo.