Akufa a ku Kanchanaburi Amene Kalozera Sawatchula

Tsegulani kalozera aliyense wa alendo wokamba za chigawo cha Kanchanaburi, kumadzulo kwa dziko la Thailand, mupeza mndandanda womwewomwewo. M'mawa kajambulitseni pamlatho wa mtsinje wa Kwai. Masana kasambireni ku mathithi a Erawan. Mawa lake kwerani masitepe a kachisi wa Wat Tham Suea mukaone chifanizo chachikulu cha Buddha ndi minda ya mpunga m'munsi mwake, kenako mukazungulire mabwinja a Prasat Muang Sing. Pansi pa dzina lililonse alembapo nthawi yotsegulira, mtengo wolowera ndi mbali imene dzuwa limakometsera chithunzi. Zonsezi n'zoona, malowonso ndi okongoladi. Mkangano wanga ndi akalozerawa uli pa zimene amasiya. Wolemba kalozera amagwira ntchito ya woweruza: amasankha akufa oyenera kutchulidwa ndi amoyo oyenera kuonedwa. Ku Kanchanaburi chiweruzocho n'chokondera, ndipo ife owerenga timangochimeza osatafuna.

Tiyambe ndi njanji, poti ndiyo inatchukitsa chigawochi. Pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, dziko la Japan linkafuna njira yapamtunda yotumizira zida ndi chakudya kwa asilikali ake ku Burma, komwe lero timati Myanmar, chifukwa njira ya panyanja inali itaopsa. Linamanga njanji ya makilomita 415, kuchokera ku Nong Pladuk ku Thailand mpaka ku Thanbyuzayat ku Burma, kuboola nkhalango ndi matanthwe. Ntchitoyo inayamba mu 1942 n'kutha mu Okutobala 1943. Anaigwira akaidi a nkhondo pafupifupi 60,000, ambiri a ku Britain, Australia ndi Netherlands, ndipo oposa 12,000 anafera pomwepo. Pambali pawo panali anthu wamba a ku Asia pafupifupi 200,000: a mtundu wa Tamil otengedwa m'minda ya labala ku Malaya, a ku Burma, a ku Java, Amalaya ndi Matchaina. Ajapani ankawatcha romusha. Ena ananyengedwa ndi malonjezo a malipiro abwino, ena anangogwidwa n'kuponyedwa m'sitima. Kolera, malungo, kamwazi, njala ndi zikwapu zinapha pafupifupi 90,000 mwa iwo. Werengani nokha: pa mkaidi wa nkhondo mmodzi aliyense amene anafa, anthu a ku Asia 7 kapena kuposa anagonanso m'nthaka yomweyo.

Tsono kalozera akutumizani kuti? Akutumizani ku manda a Don Rak, pakati pa tauni, moyandikana ndi siteshoni ya sitima. Muli manda 6,982, kapinga wometedwa bwino, maluwa, ndipo pa miyala yambiri pali dzina, gulu lankhondo ndi tsiku la imfa. Bungwe la Commonwealth War Graves Commission limasamalira malowo mpaka lero, pamodzi ndi manda ena a Chungkai, kunja pang'ono kwa tauni. Akutumizaninso ku Hellfire Pass, pathanthwe limene anthu analisema ndi nyundo usana ndi usiku, komwe boma la Australia linatsegula nyumba ya chikumbutso mu 1998. Ndilibe nawo mlandu anyamata amene anagona m'manda amenewo. Anazunzika, ndipo ulemu umene amalandira ndi wawo. Akaidiwo anali ndi akuluakulu awo amene ankalemba mobisa mayina a akufa ndi malo amene anaikidwa, choncho nkhondo itatha maboma awo anatha kufukula mafupa n'kuwaika mwaulemu. Mtamil wa m'munda wa labala analibe kapitawo womulembera dzina, analibenso boma lomufunafuna. Anakwiriridwa m'dzenje limodzi ndi anzake, kapena kutenthedwa. Kusalingana kumeneku kunayamba mu 1943. Chimene chimandiwawa n'chakuti kalozera wolembedwa chaka chino akukupitirizabe, pomwe ziwerengero zili poyera.

Mlatho wotchukawo uli ndi nkhani yoseketsa, koma kuseka kwake n'kwa pamaliro. Mfalansa wina, Pierre Boulle, analemba buku lopeka mu 1952, ndipo mu 1957 David Lean anapanga filimu ya The Bridge on the River Kwai. Filimuyo inajambulidwira ku Ceylon, komwe lero ndi Sri Lanka. Alendo atayamba kukhamukira ku Thailand kudzafuna mlatho wa m'filimu, panali vuto limodzi: mlatho weniweni wachitsulo unali pamtsinje wotchedwa Mae Klong. Akuluakulu anangosintha dzina la chigawo cha mtsinjewo m'zaka za m'ma 1960, n'kuchitcha Khwae Yai, kuti mlendo asakhumudwe. Mtsinje unasinthidwa dzina kuti ugwirizane ndi filimu, pomwe anthu 90,000 akudikirabe kuti wina awatchule. Chaka chilichonse, kumapeto kwa Novembala, pamlathopo pamakhala chionetsero cha magetsi ndi makombola. Kalozera amakuuzani kuti mufike msanga mukapeze malo abwino.

Ngakhale nyumba yosungiramo zinthu zakale imene amonke a kachisi wa Wat Chai Chumphon anakhazikitsa mu 1977 imanena nkhani yomweyi m'dzina lake. Imatchedwa JEATH, zilembo zoimira Japan, England, Australia ndi America, Thailand, Holland. Malaya mulibe, Burma mulibe, Java mulibe. Chikhalirecho m'tauni yomweyo muli kachisi wina, Wat Thaworn Wararam, amene amonke ake anasonkhanitsa mafupa a anthu a ku Asia ophedwa ndi njanjiyi n'kuwasunga pansi pa chipilala. Mu 2024 anthu a mtundu wa Tamil anaimika pamenepo mwala wachikumbutso wa makolo awo. Kalozera amene amadzitcha wa akachisi a mbiri yakale angaudumphe bwanji kachisi ameneyu? Amaudumpha chifukwa alibe denga lagolide loti lituluke bwino pa Instagram. Ku Prasat Muang Sing, komwe kunali m'malire a kumadzulo a ufumu wa Khmer cha m'zaka za m'ma 1200, kalozera amakuuzani ngakhale dzina la mfumu Jayavarman VII ndi mtundu wa miyala yofiira imene anamangira. Mbiri ya zaka 800 zapitazo amaikwanitsa. Ya zaka 80 zapitazo ndiyo imamulemera.

Pitani kumpoto kwa chigawochi, ku Sangkhlaburi, kufupi ndi malire a Myanmar. Uko kalozera amakulonjezani kachisi womira: mumakwera bwato, ndipo m'chilimwe madzi akaphwa mumatha kuyenda m'kati mwa makoma ake. Amakufotokozerani ngati kachisiyo anangoganiza yekha zokasamba. Kachisi ameneyu, Wat Wang Wiwekaram wakale, anamangidwa ndi anthu a mtundu wa Mon motsogozedwa ndi mmonke wawo Luang Pho Uttama, atathawa nkhondo ku Burma. Damu lopangira magetsi la Khao Laem, lomwe lero limatchedwa Vajiralongkorn, litatha mu 1984, madzi anameza tauni yakale, minda ndi kachisiyo. Anthu omwe anathawa kale kamodzi anasamukanso kachiwiri, n'kukayambiranso paphiri. Mlatho wautali wamatabwa umene alendo amaukonda m'bandakucha anaumanga okha ndi manja awo kuti azitha kuwoloka madzi amene anawalekanitsa ndi tauni. Mlendo akadziwa zimenezi, makoma aja amawaona ngati mudzi wa anthu. Akapanda kudziwa, amangowaona ngati malo ojambulirapo.

Zachilengedwe nazonso zili chimodzimodzi. Mathithi a Erawan ali ndi magawo 7, madzi ake obiriwira ngati galasi, dzina lake lochokera ku njovu ya mitu itatu ya m'nthano za Chihindu. Pakiyi inakhazikitsidwa mu 1975, ndipo oyang'anira ake ndi osamala kwambiri moti mukafuna kukwera ndi botolo lapulasitiki kumtunda mumasiya chikole, n'kudzachitenga mukabwera nalo botololo. Ndi lamulo labwino. Koma m'chigawo chomwecho, m'boma la Thong Pha Phum, muli mtsinje wa Klity, umene fakitale yoyeretsera miyala ya mtovu inauthira poizoni. Anthu a mtundu wa Karen okhala m'munsi mwake ankamwa madziwo ndi kudya nsomba zake. Ziweto zinafa, ana ndi akulu anapezeka ndi mtovu m'magazi. Nkhaniyi inamveka m'dziko lonse mu 1998, ndipo zinatengera khoti lalikulu loona milandu ya boma kuti mu 2013 lilamule nthambi yoona za kuipitsa chilengedwe kuti ipereke chipukutamisozi kwa anthu 22 ndi kukonza mtsinjewo. Madzi osambira mlendo amatetezedwa ku botolo limodzi, a kumwa mwini dera anadikira zaka 15 kuti khoti liwamvere. Kalozera wa zachilengedwe za Kanchanaburi amene sakutchula Klity wajambula nkhope mbali imodzi.

Ndikudziwa zimene ena mwa inu mukunena kale, chifukwa timakangana zomwezi tikatuluka m'kalasi. Mukuti munthu wasunga ndalama zake chaka chonse kuti akapume, bwanji ukufuna kumusenzetsa maliro? Mukutinso anthu a ku Kanchanaburi amadya kuchokera kwa alendo, oyendetsa mabwato, ogulitsa zakudya, eni malo ogona, ndiye kalozera akayamba kulira, ana awo adya chiyani? Funso lachiwirili ndi lolemera, ndipo sindikulipeputsa. Koma taonani: akalozerawa amagulitsa kale imfa. Dzina lakuti njanji ya imfa lili pa mapepala onse otsatsa malonda, ndipo manda a Don Rak ali pamndandanda uliwonse. Palibe mlendo amene anabwerera pabwalo la ndege chifukwa anamva kuti kunafa anthu. Ngati imfa ya Mngelezi siithawitsa alendo, ya Mtamil iwathawitsa bwanji? Chimene ndikupempha ndi ziganizo zitatu zowonjezera ndi dzina la kachisi mmodzi pamapu. Woyendetsa bwato ku Sangkhlaburi sataya kanthu mlendo akadziwa chifukwa chimene kachisi anamirira. Mwinanso mlendoyo angakhale tsiku lina n'kugula chakudya m'mudzi wa a Mon.

Amene amati kalozera ndi kabuku kosalakwa akumbukire kachisi wa akambuku, Wat Pha Luang Ta Bua, m'chigawo chomwechi. Kwa zaka zambiri ankalembedwa pamndandanda wa malo osaphonya, alendo n'kumalipira kuti ajambulitse atagwira kambuku wamkulu wa mizeremizere, ngakhale oteteza nyama ankachenjeza. Mu 2016 boma linalowererapo n'kuchotsa nyamazo, ndipo m'firiji munapezeka tiana ta akambuku 40 takufa. Pofika 2019, akambuku 86 mwa 147 amene analandidwa anali atafa. Ndalama zimene zinkayendetsa malowo zinkabwera ndi anthu amene anawerenga penapake kuti ndi malo abwino. Kalozera amalozera mapazi, mapazi n'kupita ndi ndalama. Akuluakulu anati kandimverere anakanena za m'maluwa, ndipo mlendo wodalira mndandanda wa malo khumi opambana watuma kandimverere.

Mwina mukufunsa kuti ife Amalawi zikutikhudza pati. Njanji imeneyi inkadyetsa gulu lankhondo la Japan ku Burma, ndipo mu 1944 asilikali a King's African Rifles, kuphatikizapo ochokera ku Nyasaland, ankamenyana ndi gulu lomwelo m'chigwa cha Kabaw. Nkhondo ya njanjiyi inali nkhondo ya agogo athu. Komanso kusawerengedwa timakudziwa. Pa nkhondo yoyamba ya padziko lonse, zikwi zambirimbiri za makolo athu zinagwira ntchito ya mtengatenga, kusenza katundu wa asilikali, ndipo ambiri anafera m'njira. Mu 2021 bungwe lomwe lija losamalira manda linavomereza m'lipoti lake kuti anthu osachepera 116,000 amene anafa pa nkhondo imeneyo, makamaka a ku Africa ndi ku Middle East, sanakumbukiridwe ndi mayina awo, ndipo nduna ya zachitetezo ya Britain inapepesa m'nyumba ya malamulo. Mmalawi akaima pa kapinga wa Don Rak, funso lakuti enawo ali kuti liyenera kumubwerera lokha.

Ambiri mwa ife tikamaliza sukulu tidzalemba zinthu zoterezi. Wina adzagwira ntchito ku kampani yokopa alendo, wina adzakhala womasulira, wina adzatsegula tsamba lake la maulendo, winanso adzapita kukaphunzira ku Asia n'kumatitumizira zithunzi. Kalozera wabwino wa Kanchanaburi si wovuta kulemba. Asunge mathithi, asunge nthawi ya sitima yopita ku Nam Tok yodutsa pa mlatho wamatabwa wa Tham Krasae, asunge malangizo ovula nsapato ndi kuphimba mapewa polowa m'kachisi. Kenako, pamene walemba 12,000, alembenso 90,000 m'chiganizo chomwecho. Pamene walozera Don Rak, alozerenso Wat Thaworn Wararam. Pamene watchula kachisi womira, atchule damu ndi chaka chake. Pamene watamanda madzi a Erawan, anene kuti Klity ili m'chigawo chomwecho. Wolemba amene akudziwa zonsezi n'kuzisiya dala kuti tsamba lake lioneke losangalatsa wasankha mbali, ndipo tikamawerenga zolemba zake tizimufunsa kuti enawo wawasiya kuti.