ZA MAPHUNZIRO: Mzere Wokwera Ngati Makwerero

Mnyamata kapena mtsikana wa ku Palabana, kwao kwa ng'ombe za mkaka, akalowa maphunziro a kompyuta pa Yunivesite ya Zambia amalakalaka tsiku loyamba kupanga zithunzi zoyenda ngati za pa kanema. Tsikulo likafika ambiri amagwa mphwayi, pakuti mphunzitsi sawapatsa utoto ai, koma masamu.

Mphunzitsiyo salakwa. Galasi la kompyuta lili ngati nsalu yolukidwa ndi mikanda, timadontho tondandalikana tochedwa mapikiseli. Magalasi ambiri ali ndi timadontho 1,920 m'litali ndi 1,080 m'lifupi, ndiko kuti topitirira mamiliyoni awiri. Kadontho kalikonse kamalandira manambala atatu, kuyambira 0 kufika 255: la kufiira, la kubiriwira kwa msipu ndi la kubiriwira kwa thambo. Makinawo ng'ombe saidziwa. Adziwa manambala okha.

Tsono phunziro loyamba ndi mzere wamba. Mzere wopingasa suvuta, koma wopendekeka sugwera bwino pa timadontho, motero umakwera ngati makwerero. Nanga kayake kadontho kati? M'caka ca 1962 a Jack Bresenham a ku kampani ya IBM anapeza njira yosankhira kadontho koyandikana kwambiri ndi mzere weniweni, poonkhetsa ndi kucotsera manambala athunthu okhaokha, cifukwa makina a nthawiyo anali kucedwa nawo manambala oduka. Njirayi ikali kuphunzitsidwa.

Mizere itatu ipanga kacidutswa ka ngodya zitatu, ndipo cigubu ca mkaka cooneka cosalala pa galasi cimakhala cosokedwa ndi tizidutswa totere tambirimbiri. Kuti cigubuco citembenuke pafunika ma sine, ma cosine ndi ma matrix, omwe aja ana ambiri amawazemba ku sekondale poyesa kuti alibe nchito. Amene anawazemba ndiwo amayamba kutsalira pano.

Kuzimazima kwa magetsi, monga kwa mu 2024 pamene madzi anacepa ku Kariba, kumaimitsa makina, koma gawo ili la phunziro limatheka pa pepala la timabokosi ndi pensulo. Ngakhale a Martin Newell, amene mu 1975 anaika m'kompyuta mphika wa tiyi wochuka uja wa ku Yunivesite ya Utah, anayamba aujambula pa pepala lotere, kenaka nkulowetsa manambala ake m'makina.