Ulendo wa ku Joni ndi Ana: Ndani Atsale?

Mabanja a ku America akhala akukangana za nkhani imeneyi kwa zaka zambiri. Chitsegulireni Disneyland mu 1955 ndi Walt Disney World mu 1971, makolo a m'dzikolo amafunsana chaka ndi chaka ngati ana apite nawo ku malo a zisangalalowa pa ndege kapena pa galimoto. Mtsutso wawo ndi wopepukirapo, poti iwo amatha kuyenda makilomita 2,000 dziko lili lomwelo, ndalama ili yomweyo, popanda wowafunsa pasipoti. Kwathu kuno funsoli limabuka banja la ku Blantyre likaganiza zopita ndi ana ku Gold Reef City, malo a zisangalalo a mumzinda wa Johannesburg, pa tchuthi cha Disembala. Wina anena kuti imeneyi ndi nkhani ya anthu opeza bwino. Sindikana. Koma ambiri a ife tili pa sukulu pano ndi chiyembekezo choti tsiku lina tidzakhala ndi kagalimoto ndi ana otivutitsa kuti tiwaonetse dziko, ndipo funsoli lidzatipeza. Maganizo anga ndi akuti banja la Chimalawi lisankhe galimoto.

Ubwino wa ndege palibe angautsutse. Kuchoka pa bwalo la Chileka kukatera pa OR Tambo ndi ulendo wa maola awiri ndi theka kapena kucheperapo. Mumadya nsima ya masana kwanu, madzulo muli ku Joni. Pa galimoto mtundawo ndi wa makilomita pafupifupi 1,700: kutulukira pa Mwanza, kuwoloka Zambezi pa Tete, kulowa m'Zimbabwe pa Nyamapanda, kudutsa Harare ndi Masvingo, kuwoloka Limpopo pa Beitbridge, kenaka kutsika ndi msewu wa N1 kudzera ku Polokwane ndi Pretoria. Woyenda mwanzeru amatha masiku awiri kapena atatu.

Nanga bwanji ndikuumirira galimoto? Chifukwa ndege imawerenga mitu, pamene galimoto imawerenga mtunda. Mwana akangokwanitsa zaka ziwiri, pa ndege amafunika mpando wakewake ndi tikiti yakeyake. Ndiye taganizirani mmene nyumba zathu zilili. Ndi nyumba zingati zimene mumakhala bambo, mayi ndi ana awiri basi, monga timaonera m'mafilimu? Nyumba zambiri zimene ndikuzidziwa muli ana atatu kapena anayi obadwira momwemo, kuphatikiza mwana wa mlongo wa bambo amene anabwera kudzaphunzira m'tauni, mwinanso mwana wa malemu mng'ono wa mayi. Mtengo wa tikiti imodzi ukachulukitsidwa kasanu ndi kawiri, bambo amayamba kukanda m'mutu, ndipo mawu otsatira timawadziwa tonse: "Ulendo uno tipite ochepa, enawa adzapita ulendo wina." Sitifunikanso kufunsa kuti enawo ndi ati. Wotsala kulondera nyumba sakhala mwana wobereka. Amakhala yemwe uja amatsuka mbale kuposa anzake, ndipo ulendo winawo sufika.

Timakonda kunena kuti mwana wa mnzako ngwako yemwe. Mwambiwu umayesedwa pa zinthu ngati izi, osati pa maliro pokha pamene aliyense amalonjeza kuti ana amasiye awalera ngati ake. Mwana wotsalayo sadzaiwala zithunzi za anzake ali pa sitima yokhotakhota ya m'malere ija amaitcha Anaconda, iye ali kunyumba kudyetsa agalu.

Galimoto ilibe tsankho lotere. Tiyerekeze kuti ndi ya mipando isanu ndi iwiri ndipo imamwa malita 10 pa makilomita 100 alionse. Kupita ndi kubwera ndi makilomita 3,400, kutanthauza malita 340 a mafuta. Kaya mwakwera atatu kaya asanu ndi awiri, malitawo sasintha kwenikweni. Mwana wowonjezera amangofuna pasipoti, chakudya, pogona ndi tikiti yolowera pa geti la malo a zisangalalowo, zimene zikanafunikabe ngakhale pa ndege. Tisaiwalenso kuti mitengo ya ndege imatsatira dola. Pamene kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, matikiti anakwera nthawi yomweyo. Mafuta nawonso anakwera, n'zoona, koma kukwera kwa mafuta mumakulipira kamodzi pa galimoto yonse, pamene kwa tikiti mumakulipira pa mutu uliwonse.

Palinso china chimene okonda ndege sachiwerengera. Mukatera pa OR Tambo ulendo sunathe. Bwaloli lili kum'mawa kwa mzinda, Gold Reef City ili kummwera, ndipo sitima ya Gautrain sifika pakhomo pake. Banja la anthu asanu ndi awiri silikwana mu takisi imodzi yaing'ono. Mudzabwereka galimoto kapena kulipira awiri tsiku lililonse, pa ndalama ya randi. Pobwerera napo, ndi mayi uti wa Chimalawi amene anachoka ku Joni opanda mabulangete, mapoto ndi nsapato za sukulu za chaka chonse? Pa ndege sikelo imamudikira. Pa galimoto amangokankhira kumbuyo.

Tsopano ndinene zowawa za msewu, chifukwa zilipo ndipo si zazing'ono. Zipata ndi zitatu, chilichonse chili ndi mbali ziwiri, kotero mumaima pa mzere kasanu ndi kamodzi popita, kasanu ndi kamodzinso pobwera. Galimoto imafuna makalata ake, chilolezo cholowera nayo m'dziko la eni kwa kanthawi, ndi inshuwalansi. Khadi yachikasu ya COMESA imagwira ntchito ku Zimbabwe, koma Mozambique si membala wa bungweli ndipo imafuna inshuwalansi yakeyake. Pali ndalama za pa zipata za msewu ku Zimbabwe ndi pa N1. Kutentha kwa ku Tete mu Disembala kumaliritsa ngakhale mwana wofatsa. Za Beitbridge aliyense anamvapo, ngakhale apa pali mwayi umene ambiri sauona: Khirisimasi ikamayandikira chikhamu chachikulu chimakhala cha anthu ochoka ku South Africa kupita kwawo, ndipo kumayambiriro kwa Januwale chimatembenuka. Banja lopita kukacheza limayenda mosemphana ndi chikhamucho ulendo wonse.

Chachikulu kuposa zonsezi ndi ngozi. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linanena mu 2023 kuti anthu pafupifupi 1.19 miliyoni amafa pa msewu chaka chilichonse, ndipo ngozi za pamsewu ndi zimene zimapha kwambiri ana ndi achinyamata a zaka 5 mpaka 29. Pa mfundo iyi ndege ipambana, ndipo sindingayese kuzemba. Komabe zambiri zimene zimapha anthu pa maulendo atali ndi zinthu zoti banja lingathe kuzikana: kuthamanga, kugona pa chiwongolero, kuyenda usiku pakati pa mathiraki, ng'ombe ndi abulu. Bambo amene amadzitama kuti iye Joni amafika osagona pa njira ndi woopsa kuposa msewuwo. Ndikamati galimoto, ndikunena ya madalaivala awiri osinthana, ya matayala abwino, mwana aliyense atamanga lamba pa mpando wake, ndipo dzuwa likamalowa onse ali pa malo ogona ku Harare kapena ku Masvingo. Banja limene silingakwanitse zimenezi lisanyamuke n'komwe.

Monga wophunzira zilankhulo, pali phindu lina la msewu limene sindingathe kulisiya. Mwana wa ku Blantyre akafika pa Tete n'kumva Chinyungwe, amadabwa kuti akumva zambiri ngakhale sanaphunzirepo. Akawoloka pa Nyamapanda amakumana ndi Chishona, n'kuyamba kutola mawu ofanana ndi akwawo apa ndi apo. Ku Musina kuli Chivenda, ku Polokwane Chipedi, ku Johannesburg Chizulu ndi Chisutu zikusinthana pa msewu umodzi. Zimene ife timavutika nazo m'kalasi, kujambula mitengo ya ubale wa zilankhulo za Chibantu, mwanayo amazimva ndi makutu ake pogula nthochi. Wa pa ndege amachoka pa Chingerezi cha pa Chileka n'kukatsikira pa Chingerezi cha pa OR Tambo.

Ndipo kumene akupitako si malo achilendo kwa ife. Gold Reef City inamangidwa pa mgodi wakale wa golide, golide yemwe uja anapezeka mu 1886 n'kubala mzinda wa Johannesburg. M'migodi ya m'derali munagwira agogo athu ambirimbiri amene ankalembedwa ndi Wenela, dzina limene latsalira pa depoti ya mabasi ku Blantyre. Ena anabwerako ndi njinga ndi wailesi, ena ndi chifuwa, ena anatchona osabweranso. Ambiri m'zaka zomalizira ankanyamulidwa pa ndege, mpaka mu 1974 pamene ndege ya Wenela inagwa ku Francistown m'dziko la Botswana n'kupha anthu opitirira 70, ambiri mwa iwo Amalawi, ndipo Kamuzu Banda analetsa kulemba anthu a ku migodi. Nkhani imeneyi ndi yaitali, yofuna nthawi ndi mtunda. M'galimoto muli maola okwanira kuti bambo aifotokoze, ana afunse, ndipo pofika pa geti adziwe kuti pansi pa zisangalalozo pali thukuta la anthu akwawo. Pafupi pomwepo pali Apartheid Museum, imene inatsegulidwa mu 2001, yoyenera ana okulirapo.

Alipo mabanja amene ndege ndiyo yowayenera. Ngati tchuthi cha kuntchito ndi cha masiku asanu okha, msewu udzadya anayi. Ngati pali khanda, kapena agogo odwala msana, kapena dalaivala ndi mmodzi yekha, masiku awiri a pa mpando ndi chilango. Banja la anthu atatu nalonso likhoza kupeza kuti kusiyana kwa ndalama n'kochepa. Amenewo akwere ndege ndithu. Amene ndikulimbana nawo ndi aja amasankha ndege chifukwa imamveka bwino pouza anzawo ku ofesi, kenaka n'kuchotsa mwana mmodzi pa mndandanda kuti ndalama ikwane.

Mwana amene si wobereka amafuna kukonzekera kwapadera, ndipo ndi pano pamene makolo ambiri amapezera chifukwa chomusiyira. Pasipoti yake iyambidwe miyezi ingapo Disembala asanafike. Pakhalenso kalata yolumbira yochokera kwa kholo lake kapena womuyang'anira mwalamulo, pamodzi ndi chikalata chake cha kubadwa, chifukwa a pa chipata amatha kufunsa kuti mwanayu ndi wa yani pamene dzina la bambo ake likusiyana ndi la mwini galimoto.