Ndemanga: Kodi malamulo a chesi asinthidwe?

Mu Novembala 2018 mumzinda wa London, Magnus Carlsen wa ku Norway ndi Fabiano Caruana wa ku America anakumana kulimbirana ukatswiri wa chesi wa dziko lonse. Anasewera maulendo 12, ndipo maulendo onsewo analepherana. Mwini chikho anadziwika atawachepetsera nthawi yoganiza, pomwe Carlsen anapambana katatu motsatizana. Chichokereni nthawi imeneyo, mfuu yakuti malamulo a chesi asinthidwe sinazilale.

Odandaulawa sakulankhula zopanda mutu. Kompyuta ya Deep Blue itagonjetsa Garry Kasparov mu 1997, makina anapitirira kukula mphamvu mpaka kumusiya munthu kutali. Lero katswiri amatha miyezi ali pa kompyuta kuloweza kayambidwe ka masewera, moti pofika pa bolodi amangosuntha zomwe anakonzeratu kunyumba. Anthu awiri oloweza zofanana akakumana, agonje ndani?

Nkhawayi ndi yakale kuposa makompyuta. M'zaka za m'ma 1920, José Raúl Capablanca wa ku Cuba ankafuna bolodi lalikulupo ndi zosewerera zina zatsopano, poopa kuti kulepherana kudzapha chesi. Mu 1996, Bobby Fischer analengeza ku Buenos Aires njira yake yosakaniza zosewerera za mzere wakumbuyo masewera asanayambe. Njirayi ili ndi mayalidwe 960, ndipo palibe mutu womwe ungaloweze onsewo. Naye Vladimir Kramnik wa ku Russia wakhala akulimbikitsa kuchotsa castling, lamulo lija lolola mfumu kukabisala m'mbali mwa bolodi msanga.

Tisanamizanenso kuti malamulowa anagwa kumwamba. Mfumukazi yomwe lero imayenda bolodi lonse inkasuntha malo amodzi okha mopingasa, mpaka chakumapeto kwa zaka za m'ma 1400 pomwe osewera a ku Spain anaipatsa mphamvu. Chesi yasinthapo kale, ndipo sinafe.

Komabe maganizo athu ndi akuti kayendedwe ka zosewerera kasiyidwe mmene kalili. Nthenda ya kulepherana imagwira akatswiri ochepa a pamwamba penipeni. Pitani ku mpikisano wa ana asukulu kuno kwathu, mukaone ngati masewera ambiri amathera kulepherana. Kumeneko wina amaiwala mfumukazi yake pakamwa pa hatchi, nkhani n'kuthera pomwepo. Kusinthira mamiliyoni a anthu otere malamulo chifukwa cha kagulu ka akatswiri n'kulakwitsa. Ndipotu ngakhale pamwambapo munthu ndi munthu basi. Mu Disembala 2024 ku Singapore, masewera omaliza pakati pa Ding Liren wa ku China ndi Gukesh Dommaraju wa ku India ankaoneka kuti athera kulepherana. Ding anasuntha molakwika kamodzi kokha, ndipo Gukesh, mnyamata wa zaka 18, anatenga ukatswiri wa dziko lonse pa malamulo omwewa.

Pomwe pali chilema chenicheni ndi pa mwambo wolola osewera awiri kungogwirizana kuti alepherana, nthawi zina masewera asanafike n'komwe pakati. Matimu a mpira atati agwirizane zotere pa nthawi yopuma n'kutuluka m'bwalo, ochemerera angawaleke? Mankhwala ake alipo kale. Ku Sofia mu 2005, okonza mpikisano analetsa osewera kupemphana kulepherana. Ku Bilbao mu 2008 anapereka mapointi atatu kwa wopambana ndi imodzi kwa olepherana, kuti wamantha asapindule. Zonsezi sizikhudza mfumu kapena hatchi. Zimangokakamiza munthu kusewera.

Njira ya Fischer nayo isatayidwe. Ili kale ndi mpikisano wakewake, womwe Wesley So anapambana mu 2019 atagonjetsa Carlsen yemweyo. Kwa wosewera wa m'maiko ngati lathu lino, yemwe alibe mphunzitsi wolipidwa kapena kompyuta yamphamvu, njirayi imachepetsako mwayi wa anzake okhala ndi zonsezi.

Malamulo a FIDE, bungwe loyendetsa chesi pa dziko lonse, amalola kale okonza mipikisano kuletsa kulepherana kongogwirizana. Tikupempha bungwe la Chess Association of Malawi ndi onse okonza mipikisano kuti agwiritse ntchito mphamvu imeneyi, komanso apatseko malo chesi ya Fischer pa ndondomeko ya masewera a chaka.